Gitala ya Azungu pa Maliro a Eni Ake

Amwene, ndikudziwa kuti simundikhulupirira. Jusu wayamba kale kuseka ndisananene kanthu, ndipo Gifiti amauza anthu kuti ine ndikati kwacha iye amayamba watuluka panja kukaona ngati dzuwa lilipodi. Chabwino. Koma amene akuti ndikunama apalase njinga yake apite kwa Likoswe, akafunse adzukulu a kumeneko kuti mnyamata wa kabaza amene anabweretsa gitala ya azungu pamaliro ndi ndani. Akakulozerani kwathu ndi mpini wa khasu. Tsiku limenelo ndinachoka panyumba ndili munthu, ndinabwerera ndili chulu.

Nkhani yake ikuyambira pa Sesiliya. Kwa inu amene simukumudziwa, Sesiliya ankagwira ntchito m'kashopu kotchajitsa mafoni ndi kuponyera anthu nyimbo, pafupi ndi siteji yathu ya kabaza, paja msewu umakhotera ku Nguludi. Wanga ameneyo. (Gifiti, tseka pakamwa, nkhaniyi ndi yanga.)

Tsiku loyamba ndinalowamo ndi memore yatsopano kuti andiponyere zovina, zoti kasitomala akakwera azigwedeza mutu aiwale mabampu. Iye anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Aliyense zomwezo, aliyense zomwezo. Simutopa nazo? Tamverani kaye iyi."

Kompyuta ya m'shopumo inachokera ku Joni, ndipo inabwera ndi nyimbo zakalekale za azungu zimene panalibe ndi mmodzi yemwe wozifuna. Azungu aja a tsitsi lalitali ngati ndevu za chimanga, ovala mabuluku othina ngati anawasokera pathupi. Sesiliya yekha ndi amene ankazimvera. Anandipatsa mbali imodzi ya mahedifoni, ina n'kuika kukhutu kwake. Chingwe chake chinali chachifupi, ndiye mutu wanga unayenera kuyandikira mutu wake. Panja mvula inayamba kugunda malata. M'khutu mwangamo munayamba piyano pang'onopang'ono, kenako mzungu wa mawu osasa ngati wagona panja, kenako ng'oma, kenako gitala. Amwene, gitala imeneyo simaimba, imalira. Imalira ngati mwana amene mayi ake akwera basi osamutsanzika.

"Mwaimva bwanji?" anandifunsa.

Ndinangoti, "Iponyeni. Ponyani zonse."

Chizungu changa mukuchidziwa, chinathera pa geti ya sukulu, ndiye mayina a nyimbozo sindinavutike nawo. Ndinazipatsa anga. Pali Ya Mvula, yomwe ija ya piyano. Pali Ya Chikweza, ya ng'oma zolemera, imene ukaiyatsa miyendo imapalasa yokha ngakhale utanyamula mayi ndi thumba la nandolo. Pali Ya Mayi Wolusa, imene mzimayi wina amakuwa ngati wapeza mbuzi m'dimba mwake, koma pakati pake n'kutsitsa mawu mpaka kukumvetsa chisoni. Ndiye pali Ya Mtsetse. Imeneyo ndi mfumu ya zonse. Imayamba ndi gitala imodzi ngati munthu akudandaula yekha, n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka kumapeto onse a gululo amalowa pamodzi ngati denga likugwa.

Ndinagula kasipika kofiira n'kukamanga pa handulo ndi mphira. Madzulo Sesiliya akaweruka ndinkamunyamula kupita kwawo, mkati mwa Likoswe. Tikafika potsetsereka paja, pamene mabulugamu amathera, ndinkasiya kupalasa, njinga n'kumapita yokha, iye n'kumagogoda msana wanga ndi chala motsatira ng'oma. Nyimbo ikatha ankangoti, "Bwerezani." Ine ndinkabwereza. Akanati ndibwereze mpaka Khirisimasi ndikanabwereza.

Kenako tsiku lina, akutsika njinga, anangoti, "Mawa musavutike kundidikira, ndikupita ku Lilongwe. Kwapezeka kantchito." Basi. Anapita. M'kashopu muja munalowa mnyamata wina wamwano amene anafufuta nyimbo zonse zija kuti apeze malo a mafilimu a karate. Ndiye mumvetse bwino: nyimbo zimenezo, mmene anazisankhira Sesiliya ndi mmene anazindandalikira, pa dziko lonse lapansi zinatsala malo amodzi, mu kamemore kanga, kakang'ono ngati chikhadabo. Chilimwe chinadutsa, mvula inagwa, chilimwe china chinabwera, ine ndikungomvera zomwezo.

Tsopano tafika pa tsiku latsoka. Ndinatula mayi wina pachipatala cha ku mishoni m'mawa, ndipo pobwerera ndinali wopanda kasitomala. Njira yachidule yopita ku siteji ndikuidziwa. Koma njinga yanga ili ndi matenda, imakonda kukhotera njira ya kwa a Sesiliya yokha. (Mawilo ndi amene amakhota, ine ndimangogwira handulo.) Nditafika pa mabulugamu paja ndinayatsa Ya Mtsetse, voliyumu mpaka kumapeto, chipewa n'kukokera kumaso, miyendo n'kuimitsa. Liwiro lake minibasi ikanapempha kuti ndiikoke.

Mwana aliyense amadziwa. Ukaona masamba aikidwa modutsa msewu, ndiye kuti pali zovuta. Wa njinga amatsika n'kumakankha, chipewa chimavulidwa, wailesi imazimitsidwa, ngakhale wa galimoto amayenda ngati kamba. Mbuzi zokha ndi zimene zimadutsa osapereka ulemu, ndipo nazonso zimayang'ana pansi.

Ine masambawo sindinawaone. Ndinangomva kuti pwapwapwa pansi pa matayala.

Nditakweza chipewa, amwene, ndinali pakati pa anthu. Uku azibambo pa mabenchi, uko azimayi mbwee pansi pafupi ndi siwa, nyumba imene munagona mtembo. Kwaya ya amayi inali pakati pa nyimbo. Akatekisiti anali atatambasula manja. Ndipo nthawi yomweyo, tsoka silinunkha, nyimbo yanga inafika paja denga limagwera. Mzungu anakuwa. Gitala inakuwa. Kwaya inaduka ngati aidula ndi mpeni. Ine pofuna kuzimitsa, ndinadina batani la magetsi, kasipika n'kuyamba kuthwanima mofiira, mobiriwira, mwachikasu, ngati pa disiko. Dzanja limodzi pa sipika, diso limodzi pa akatekisiti, njinga inaona kuti yasiyidwa yokha ndipo inasankha mulu wa nkhuni zophikira anthu a pamaliro. Khu! Ine pansi, njinga pamwamba, wilo likuzungulira, mzungu akulirabe.

Amene anazimitsa anali mayi wina wachikulire, ndi chipande.

Kenako ndinangoona magambutsi andizungulira. Adzukulu, okumba manda aja, anali akubwera kudzatenga zida zina pamene ine ndinkagwa. Anandinyamula ngati thumba la feteleza mpaka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Pamenepo panakhala mkulu wawo, a Namakhwa, munthu wamfupi wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amawabwereka kwa neba. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa.

"Achimwene, mwachokera dziko liti?"

"Konkuno, bambo. Kwa Mpama."

"Ohoo. Kwa Mpama anthu safa?"

"Amafa, bambo."

"Akafa mumawaimbira zimenezi?"

"Iyayi, bambo. Mabuleki anakana. Ndinayesetsa, koma anakana."

A Namakhwa anagwedeza mutu ngati akundimvera chisoni. "Mabuleki. Iwe Piyo, tayesa mabuleki a mlendoyu."

Piyo ndi chimunthu chachitali ngati mlongoti. Anakwera njinga yanga, anapalasa kulowera kumunda, n'kufinya mabuleki onse awiri. Inu mukudziwa mmene ndimasamalira njinga yanga. Inaima pomwepo ngati yamera mizu. Piyo yekha ndi amene anapitiriza ulendo, kudumpha handulo mpaka m'kati mwa nandolo. Patapita kanthawi tinamva mawu kuchokera m'masambamo.

"Ali bwino, a Tcheya!"

Adzukulu ena anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka, poti pamaliro sungaseke mokweza. A Namakhwa anatenga kasipika kanga n'kumakatembenuza. Apa ndi pamene ndinapusa kachiwiri. Ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panga palibe chitseko.

"Bambo, sipikayo tengani. Njinganso igone konkuno. Koma kamemore kali m'mbalimo ndipatseni, chonde."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anazula kamemore ndi zala ziwiri, anakakwezera ku dzuwa.

"Ohoo. Mtima uli apa."

Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kachitini ka fodya wa mphuno, anaponyamo kamemore kanga n'kutseka. Pha.

"Mwambo wathu ndi wosavuta, achimwene. Wonyoza maliro amapereka tambala, kapena amagwira khasu. Tambala muli naye pompano?"

"Ndilibe, bambo."

"Ndiye tiyeni kumanda. Dzenje likatha mtembo usanafike, tikambirana. Likapanda kutha, kanthu kanu aka katsagana ndi malemu, akazimvera okha kumeneko."

Amwene, dothi la Chiradzulu mumalidziwa pamwamba pokha. Pansi pake Mulungu anasungirapo miyala yonse imene inatsala pomanga phiri. Ndinalowa m'dzenje ndi piki. Ndikamenya, moto. Ndikamenya, moto. Manja a kabaza anazolowera handulo, ndiye matuza anatuluka ngati bowa. Adzukulu amasinthana, koma ikafika nthawi yoti ine ndituluke aliyense ankapezeka kuti akumanga chingwe cha buluku. Ndinakumba mpaka ndinayamba kumva anthu akulankhula Chipwitikizi chapansipansi. Pang'ono pokha ndikanatulukira ku Mozambiki kwa agogo.

Koma choopsa sichinali piki. A Namakhwa anakhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo lende, ndipo kanthawi kalikonse ankatsegula kachitini kaja, kutsina fodya osayang'ana n'komwe, n'kukokera m'mphuno. Akatsina, mtima wanga unkaima. Akayetsemula, ndinkasuzumira pansi kuona ngati Sesiliya wanga watuluka.

"Bambo, muziyang'anako potsinapo."

"Kumbani, achimwene. Mphunoyi ndi yanga."

Tili mkati mopuma, akutigawira thobwa m'chikho chimodzi, Piyo anandifunsa, akuchotsabe masamba a nandolo m'tsitsi.

"Koma aise, mzungu wako uja amalira chiyani? Anamubera ng'ombe?"

"Akulira munthu," ndinatero.

"Wamwalira?"

"Ayi. Anangopita. Anakwera basi osacheuka. Ndiye iyeyo watsala pamalo pomwe ankakhala awiri, chilichonse chilipo, mpando ulipo, msewu ulipo, koma munthuyo palibe."

Kunena zoona sindikudziwa ngati mzunguyo amanenadi zimenezo. Mwina amanena za galu wake. Koma chikho chinaima m'manja mwa mdzukulu wina. A Namakhwa anayang'ana m'dzenje muja, anapukuta mphuno ndi chala.

"Ndiye ndi nyimbo ya maliro imeneyo," anatero. "Cholakwika n'chakuti woimbayo sanalangidwe. Munthu salira chokuwa choncho pakhomo pa eni ake. Lowanimonso, patsala pang'ono."

Dzenje linatha kwaya ikumveka kale panjira. Ananditulutsa pondikoka manja, wofiira kuyambira kutsitsi mpaka kuphazi, maso okha ndi amene ankaoneka kuti ndi a munthu. Ndinakaima kumbuyo kwa mtengo. Bokosi linafika, mapemphero anachitika, tinakwirira. Ndiye inafika nthawi ya nkhata za maluwa, akuitana achibale mmodzimmodzi. Ataitana ana a alongo awo a malemu, panaimirira mzimayi wovala chitenje chakuda ndi mpango woyera.

Kayendedwe kokha ndinakadziwa. Sesiliya. Malemu anali atsibweni ake, ndipo iye anali atafika dzulo lake kuchokera ku Lilongwe.

Pa siteji ndinakuuzani kuti atandiona nkhata inamugwa m'manja. Ndinakuuzani kuti anthu atabalalika anandikokera kuseri kwa mtengo, analira, anandipukuta dothi kumaso ndi mpango wake n'kunena kuti ku Lilongwe sagona tulo chifukwa cha ine. Jusu unaombera m'manja, Gifiti unandigulira chimanga chootcha. Chimangacho ndinadya, zikomo. Koma lero ndatopa nalo bodza limeneli, likundilemera kuposa kasitomala wa matumba awiri.

Zinayenda chonchi. Anthu akubwerera kumudzi, a Namakhwa anati iwo sangandimasule okha, eni zovuta anenepo kanthu. Woyamba kudutsa pafupi anali Sesiliya, ndipo kumsana anali atabereka mwana, kamwana konenepa ka masaya ngati mandasi.

"Mayi, uyu ndi amene anatisokoneza m'mawa. Mukumudziwa?"

Anandiyang'ana. Anayang'ananso. Ine mtima ukugunda ngati ng'oma za Ya Chikweza. Kenako nkhope yake inamasuka.

"Iii, eetu! Si achimwene a kabaza awa? A uje... a uje... aja ankandinyamula ndikamaweruka. Akhululukireni, agogo, ndi munthu wabwinobwino. Sankachedwa."

A uje.

Ndiye nachi chimene ndakhala ndikubisa. Sesiliya sanakhalepo chibwenzi changa. Sindinamufunsirepo, ngakhale theka la liwu. Tsiku lililonse ndinkakonza mawu pa chikweza, tikafika pa mtsetse n'kumeza, n'kumati mawa. Akatsika ankalipira ngati kasitomala wina aliyense, ine n'kulandira, n'kunena kuti zikomo achemwali. Ndipo masamba aja sindinawaone osati chifukwa cha chipewa kapena liwiro. Ndinkalira, amwene. Munthu wamkulu, ndevu zilipo, ndikutsetsereka pa njinga misozi ili chuchuchu mpaka msewu wonse unasanduka madzi. Si tsiku limenelo lokha. Pa mabulugamu paja ndi pamalo panga.

A Namakhwa anatsegula kachitini, anavundula fodya ndi chala, anatulutsa kamemore kali bii, anakapuzira n'kundiika m'dzanja. Anayang'ana Sesiliya, anayang'ana mwana, anayang'ana ine. Anangonditambasulira kachitini kaja kuti nditsineko, ndipo ine amene sindinakokepo fodya chibadwire ndinatsina, kuti maso ofiirawo akhale ndi chifukwa.

Sesiliya anaona kamemoreko n'kuseka pang'ono, chophimba pakamwa.

"Musandiuze kuti mukadali nazo nyimbo zija! Ine ndinaziiwala kalekale. Inkayamba bwanji ija ndinkaikonda ija?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuimbire poyambira pake, kenako ndimuuze dzina langa, lokhalo basi, kuti apite nalo ku Lilongwe. Koma fodya anali atafika pamalo pake. Ndinayetsemula chiyetsemulo choti mbalame zinauluka m'manda monse. Mwana uja anadzidzimuka n'kuyamba kulira, Sesiliya anatembenuka kuti amutonthoze, wina anamuitana kutsogolo, ndipo anapita akugwedeza mwanayo, osacheuka.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndi ichi: masiku ano ndikaona tsamba pamsewu, ngakhale limodzi lothothoka lokha mu mtengo wa mango, ndimatsika, chipewa m'manja. Makasitomala amadandaula koma ine sindimva. Zinazo sindinaphunzire. Wina aliyense akakwera ndimamuuza dzina langa asanakhazikike n'komwe, ngakhale sanandifunse, ngakhale ndi gogo wopita kukachotsa dzino. Koma Loweruka likubwerali ndamva kuti abale onse akumananso kumudzi kuja kudzakambirana za chiliza cha malemu, ndipo njinga yanga yayamba kale kukokera kumanzere.